Mikangano ya Zamalonda ndi ya Ntchito za Mamanijala: Kumene Mungadandaule ndi Zimene Malamulo Akunena

Chidziwitso ichi chikupita kwa alimi, amalonda, atsogoleri a makopaletivi ndi magulu a alimi, eni makampani, komanso onse amene analembedwa ntchito yoyendetsa bizinesi ya eni ake. Chikufotokoza za mikangano ya mitundu iwiri imene imafika kawirikawiri m'maofesi a boma ndi m'mabwalo a milandu. Woyamba ndi mkangano wa zamalonda, monga pamene wina watenga soya pa ngongole ndipo sakulipira, wina wabweretsa feteleza wosiyana ndi amene munagwirizana, kapena mwini lole wataya katundu amene munamunyamulitsa. Wachiwiri ndi mkangano wa pakati pa kampani, bungwe kapena kopaletivi ndi munthu amene analembedwa kuti aiyendetse, kaya ndi manijala wamkulu, mkulu wa zachuma kapena woyang'anira esiteti.

Nkhani ziwirizi zaikidwa pamodzi chifukwa masiku ano alimi ambiri sagulitsanso aliyense payekha. Ali m'makopaletivi, anasankha bodi, ndipo bodi yomweyo ndi imene imasaina mapangano ndi ogula komanso kulemba ndi kuchotsa mamanijala. Ikalakwitsa, ndalama zolipirira kulakwako zimachoka m'thumba la mamembala. Pa mitundu yonse iwiri ya mikanganoyi, ambiri amene amabwerako chimanjamanja amakhala kuti dandaulo lenileni anali nalo, koma anagogoda pa khomo lolakwika, anachedwa kudandaula, kapena analibe chosonyeza zimene anapangana.

Pangano ndi umboni wake

Pa malonda ambiri a tsiku ndi tsiku, malamulo a dziko lino amavomereza pangano la pakamwa. Mphamvu lili nazo, koma kulitsimikizira n'kovuta. Woweruza sanalipo pamene munkagwirana chanza pa msika wa Lizulu kapena pa depoti ku Kanengo. Iye amagamula potengera zimene zaikidwa patsogolo pake, ndipo wobweretsa dandaulo ndiye ali ndi udindo wosonyeza kuti nkhani yake ndi yokhulupirika kuposa ya mnzakeyo. Choncho pepala limodzi lolembedwa pamanja m'Chichewa, losainidwa ndi mbali zonse ziwiri pamaso pa mboni, limathandiza kuposa anthu khumi amene anangomva mphekesera za panganolo.

Pepalalo silifuna Chingerezi chozama. Litchule mayina monga alili pa chiphaso cha unzika, mtundu wa katundu ndi giredi yake, kulemera kwake m'makilogalamu m'malo mongoti "matumba 40" (pakuti thumba la wogula ndi thumba la mlimi nthawi zina sizilemera mofanana), mtengo wa kilogalamu, tsiku lolipira, amene alipire thiransipoti, ndiponso amene aluze ngati katundu wanyowa kapena wabedwa panjira. Mfundo yomalizayi ndiyo imaiwalika kwambiri, chonsecho ndi imene imadanitsa anthu lole ikagubuduzika pa Linthipe. Za sikelo, dziwani kuti yogwiritsa ntchito pa malonda iyenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo mlimi sakulakwa akapempha kuona chizindikiro chake asanakweze thumba.

Lamulo la Sale of Goods Act limateteza wogula m'njira imene ambiri saidziwa. Katundu wogulitsidwa pofotokoza mtundu wake ayenera kufanana ndi zimene zinafotokozedwazo, ndipo wogulitsidwa poonetsa sampulo ayenera kufanana ndi sampuloyo. Komabe wogula amene walandira katundu, n'kumusunga nthawi yaitali osanena kanthu, kapena wayamba kale kumugulitsa kwa ena, amatengedwa kuti wamuvomereza. Zikatero sangamubwezenso, ndipo chomutsalira n'kupempha kuti abwezeredwe zimene waluza. Mukaona kuti mtedza ndi wofumbwa kapena simenti yagwirana, lembani uthenga kwa wogulitsa tsiku lomwelo ndipo jambulani zithunzi.

Mauthenga a pafoni nawo ndi umboni. Kuchokera pamene lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act linakhazikitsidwa mu 2016, uthenga sungakanidwe kukhoti pa chifukwa chongoti ndi wa pafoni kapena pa kompyuta. Musafufute zokambirana za pa WhatsApp kapena mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba osonyeza kuti ndalama zinatumizidwa. Malisiti, mainvoisi ndi mapepala osainira polandira katundu muwasunge pamodzi, pamalo posafika chinyezi ndi chiswe.

Funso lina lofunika musanapereke katundu ndi lakuti: kodi mukupangana ndi ndani? Kampani yolembetsedwa motsatira lamulo la Companies Act la 2013, imene dzina lake limathera ndi mawu oti Limited, imaonedwa ngati munthu payokha. Ngongole yake si ngongole ya mwini wake, pokhapokha mwiniyo atasaina kuti adzalipira iye kampani ikalephera. Kampani yotere ikagwa, simungapite kukatenga ng'ombe za dailekitala. Munthu amene anangolembetsa dzina la bizinesi ndi wosiyana, pakuti iye amayankha ngongole za bizinesiyo ndi chuma chake chomwe. Kopaletivi yolembetsedwa nayo imasumira ndi kusumiridwa m'dzina lake. Kulemba dzina lolakwika pa samani kumabweza mlandu m'mbuyo, ndipo ndalama zimene mwalipira kale sizibwerera.

Alimi a fodya, nzimbe, thonje ndi mbewu zina zolimidwa pa kontrakiti akukumbutsidwa kuti pangano limamanga mbali zonse. Kugulitsa kwa mavenda mbewu imene munailima ndi zipangizo za ngongole za kampani n'kuphwanya pangano. Kampani nayo ikakana kugula mlingo umene inalonjeza, kapena ikadula ndalama zimene sizinatchulidwe, yaphwanyanso. Musadinde chala pa pepala limene simunawerengeredwe, ndipo musachoke opanda kope yanu. Kunena za katapila, lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso ndiponso chofinya wokongola, ngakhale iye anasaina.

Khomo loyenera kugogoda

Ambiri amayambira kupolisi. Dziwani kuti kulephera kubweza ngongole kapena kuchedwa kupereka katundu si mlandu wa upandu, ndipo polisi si malo otolera ngongole. Apolisi amalowererapo pokhapokha pali kuba, chinyengo kapena kupeza katundu mwabodza. Kutsekeretsa mnzanu m'chitokosi pofuna kumuopseza kuti alipire kukhoza kukutembenukirani, iye n'kukusumirani chifukwa chomumangitsa popanda chifukwa. Kukalanda nokha njinga, malata kapena mbuzi za wangongole n'kulakwira lamulonso.

Choyamba n'kukambirana. Mafumu, makomiti a m'misika ndi akuluakulu a mipingo amayanjanitsa anthu ambiri, ndipo njira imeneyi ndi yabwino bola zimene mwagwirizanazo zilembedwe: ndalama zingati, zilipidwe liti, ndipo onse asaine. Zikakanika, lembani kalata yoitanitsa ngongole, yotchula ndalama zenizeni, chiyambi chake ndi tsiku lomaliza kulipira, n'kusunga kope yake. Mikangano ya pakati pa kopaletivi ndi mamembala ake pa nkhani za bizinesi ya gululo ili ndi njira yakeyake m'lamulo la Cooperative Societies Act, kudzera kwa mkulu wolembetsa makopaletivi, ndipo n'kwanzeru kuyambira kumeneko.

Nkhani za ndalama zochepa zimapita kubwalo la majisitireti. Majisitireti ali m'magiredi, ndipo giredi iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingagamule. Mlembi wa khoti adzakuuzani ngati nkhani yanu ikukwanira pamenepo. M'mabwalo amenewa mulinso ndondomeko yachidule ya madandaulo ang'onoang'ono, imene inakonzedwa kuti munthu adziyankhulire yekha popanda loya.

Nkhani zikuluzikulu zimapita ku nthambi ya zamalonda ya khoti lalikulu, imene imadziwika kuti Commercial Division. Inayamba ntchito mu 2007 pofuna kuti milandu ya mabizinesi isamachedwe pa mzere umodzi ndi milandu ina yonse, ndipo ili ndi maofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Imamva nkhani za mapangano a malonda, mabanki, inshuwalansi, kayendetsedwe ka makampani, kugwa kwa makampani ndi katundu wolowa kapena wotuluka m'dziko. Malingana ndi ndondomeko za khoti lalikulu za 2017, milandu yambiri isanayambe kumvedwa imadzera kaye kwa jaji amene amakhala ngati mkhalapakati. Zokambidwa pamenepo ndi zachinsinsi, ndipo mukagwirizana, mgwirizanowo umakhala ndi mphamvu ngati chigamulo. Wamalonda wanzeru sapeputsa tsiku limeneli, chifukwa kulandira gawo lalikulu la ndalama zanu mwezi uno nthawi zambiri kumaposa kulandira zonse patapita zaka, kwacha itachepa mphamvu ndiponso mpamba utaima. Kumbukiraninso kuti ku khoti lalikulu wogonja kawirikawiri amalamulidwa kulipira ndalama zimene mnzake wawononga pa mlanduwo.

Mukalandira samani musaibise pansi pa mphasa. Pa samanipo pamalembedwa masiku oti muyankhe, ndipo akatha musanayankhe khoti likhoza kugamula inu kulibe. Anthu ena amadzidzimuka masherifu atafika kale pakhomo.

Mapangano ena, makamaka a zomangamanga, a inshuwalansi ndi a malonda akunja, amakhala ndi ndime yonena kuti mkangano ukabuka udzagamulidwa ndi munthu wapadera wosankhidwa ndi mbali zonse, kunja kwa khoti. Lamulo la Arbitration Act limalemekeza ndime yotere, moti mukathamangira kukhoti mnzanuyo akhoza kupempha kuti mlandu uimitsidwe. Chigamulo cha munthu ameneyu chimamanga onse, ndipo mpata wochitsutsa ndi wochepa kwambiri. Mu 2021 dziko la Malawi linalowa mu mgwirizano wa New York wa 1958, umene umathandiza kuti zigamulo zotere zizilemekezedwa m'mayiko ena a mu mgwirizanowo, kuphatikizapo Zambia, Mozambique ndi South Africa. Wogulitsa kunja aonetsetse zimene pangano likunena za dziko limene mkangano ukamvedwere, popeza kukatsata ngongole ku Johannesburg kapena ku Beira kumafuna thumba lozama.

Kumene kampani yanyenga ogula, yagulitsa katundu wotha nthawi kapena yagwirizana ndi inzake pokweza mitengo, dandaulo lipite ku Competition and Fair Trading Commission. Amene anaperekera katundu ku unduna kapena nthambi ya boma adziwe kuti asanasumire boma ayenera kupereka chidziwitso cholembedwa kwa Attorney General ndi kudikira miyezi itatu.

Kupambana mlandu sikutanthauza kuti ndalama zalowa m'thumba. Wogonja akapanda kulipira, mumabwereranso kukhoti kukapempha kuti masherifu alande ndi kugulitsa katundu wake, kapena kuti ndalama zake za kubanki zigwidwe. Ngati alibe kalikonse, chigamulo chimangokhala pepala. N'chifukwa chake musanakongoze katundu wambiri ndi bwino kupempha chikole kapena munthu woimira wangongoleyo.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma kukhoti mwambi umenewu uli ndi malire. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zokha zosumira pa nkhani ya pangano, kuwerengera kuchokera tsiku limene panganolo linaphwanyidwa. Wangongole akavomera ngongoleyo polemba ndi kusaina, kapena akalipirako pang'ono, kuwerenga kumayambiranso. Malonjezo a pakamwa oti "ndikupatsani ndikakolola" saimitsa nthawi.

Bodi ndi manijala wake

Pali maganizo olakwika amene afala mbali zonse ziwiri. Mabodi ena amaganiza kuti manijala, poti amalandira ndalama zambiri ndipo anasaina kontrakiti, akhoza kuchotsedwa pa msonkhano umodzi pongokweza manja. Mamanijala ena nawo amaganiza kuti ofesi ya leba ndi ya alonda ndi antchito a m'munda okha. Zoona zake n'zakuti gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito, ndipo lamulo la Employment Act la 2000 limakhudza olembedwa ntchito a m'makampani ndi a m'boma posayang'ana kukula kwa mpando. Amene ali kunja kwa lamuloli ndi asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, amene ali ndi malamulo awoawo.

Mtima wa nkhani yonse uli m'gawo 57 la lamuloli, limene limafuna zinthu ziwiri. Payenera kukhala chifukwa chomveka chokhudza khalidwe la wantchito, luso lake pa ntchitoyo, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka bizinesi. Ndipo ngati chifukwacho n'chokhudza khalidwe kapena luso, munthuyo apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Apa ndi pamene mabodi ambiri amapunthwa. Zikhoza kukhala zoona kuti matumba akusowa m'nkhokwe ndipo mabuku sakugwirizana, koma ngati manijala wangolandira kalata yomuchotsa osamvedwa, bwalo likhoza kugamula kuti anachotsedwa mopanda chilungamo. Gawo 61 limaika udindo wosonyeza chifukwa pa wolemba ntchito, ndipo akalephera, lamulo limangotenga kuti kuchotsako kunali kosalungama.

Kumva munthu sikutanthauza kumuitana pafoni madzulo kuti mawa akaonekere. Mumulembere milandu yake momveka, mumupatse masiku okwanira okonzekera, mumuonetse lipoti la owerengera ndalama kapena mapepala ena amene mukudalira, mumulole kufunsa mboni, ndipo amene akumuneneza asakhalenso woweruza. Zokambirana zilembedwe, ndipo chigamulo chiperekedwe m'kalata yotchula zifukwa. Ngati mukuopa kuti asokoneza umboni, mukhoza kumuimika kaye pa ntchito pamene kafukufuku akuchitika, koma kuimikako kusakhale kwa miyezi yosawerengeka. Kukanena za kuba kupolisi sikulowa m'malo mwa ndondomeko imeneyi, pakuti mlandu wa upandu ndi nkhani ya ntchito zimayenda m'njira zosiyana. Ngakhale pa zolakwa zazikulu zimene gawo 59 limalola kuchotsa munthu popanda notisi, mpata wodziteteza umafunikabe. Ndipo pali zifukwa zimene lamulo limakaniratu, monga mtundu wa munthu, chipembedzo, maganizo a ndale, kukhala woyembekezera, kudwala kwa kanthawi kapena kukadandaula za bwana ku ofesi yoyenera.

Mtengo wa kulakwitsa umawerengeka. Bwalo likapeza kuti munthu anachotsedwa mopanda chilungamo likhoza kulamula kuti abwezeretsedwe pa ntchito yake, apatsidwe ntchito ina yofanana nayo, kapena alipidwe chipepeso. Kwa akuluakulu, kumene kukhulupirirana kwatha, nthawi zambiri nkhani imathera pa chipepeso. Gawo 63 limaika mlingo wotsikitsitsa: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, a masabata awiri pa chaka kwa wopitirira zaka 5 kufika 10, a masabata atatu kwa wopitirira 10 kufika 15, ndi a mwezi wathunthu pa chaka kwa wopitirira zaka 15. Bwalo likhoza kupereka zoposa pamenepa poona mmene munthuyo waluzira, ndipo limaonanso ngati iye mwini anathandizira kuti achotsedwe. Pamwamba pa chipepeso pali ndalama za severance za m'gawo 35, zimene kuchokera pa kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 zimaperekedwa munthu akachotsedwa mopanda chilungamo kapena chifukwa chochepetsa antchito: masabata awiri pa chaka kwa zaka 5 zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira chaka cha 6 kufika cha 10, ndi masabata anayi pa chaka kuyambira cha 11.

Tiyerekeze kopaletivi imene yachotsa manijala wa zaka 7 osamumva. Chipepeso chotsikitsitsa ndi malipiro a masabata 14. Severance ndi masabata 10 a zaka 5 zoyamba kuphatikiza masabata 6 a zaka ziwiri zotsatira, onse pamodzi 16. Amenewa ndi masabata 30, kuposa theka la chaka, tisanawerengere mwezi wa notisi ndi masiku a tchuthi amene sanapite. Mamembala awerengere okha kuti ndi matumba angati a soya, pa nkhani imene ikanatheka ndi kalata imodzi ndi msonkhano wa tsiku limodzi.

Akuluakulu ambiri amalembedwa pa kontrakiti ya zaka zowerengeka. Kontrakiti yotere imatha yokha pa tsiku lake, ndipo kusaiwonjezera si kuchotsa ntchito, pokhapokha panali lonjezo loiwonjezera. Kuidula nthawi isanakwane n'kosiyana, chifukwa kumafuna chifukwa ndi ndondomeko monga tafotokozera. Gawo 28 limachenjezanso olemba ntchito amene amangobwereza makontrakiti aafupi pa ntchito imene ndi yokhazikika: lamulo likhoza kuona munthu wotero ngati wolembedwa ntchito yopanda malire a nthawi. Nthawi yoyeserera wantchito waluso isapitirire miyezi 12. Zinthu monga galimoto, nyumba, fizi ya ana, bonasi ndi gratuity zimatsatira zimene zinalembedwa, choncho lonjezo la wapampando la pakamwa lilowe m'kontrakiti lisanaiwalike. Za penshoni, wolemba ntchito amasonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, ndipo kudula ndalamazi osazitumiza n'kuphwanya lamulo. Bizinesi ikagulitsidwa, makontrakiti a antchito amasamukira kwa mwini watsopano pamodzi ndi zaka zawo.

Munthu mmodzi akhoza kukhala dailekitala wa kampani komanso wolembedwa ntchito. Eni masheya ali ndi mphamvu yomuchotsa pa udailekitala motsatira Companies Act, koma ufulu wake ngati wantchito sutha ndi voti imeneyo. Ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo nthawi zina zimamvedwa m'mabwalo awiri osiyana.

Manijala naye ali ndi zomumanga. Ayenera kutumikira mokhulupirika, kuulula ngati ali ndi gawo m'kampani imene ikuchita malonda ndi abwana ake, kusunga zinsinsi, kupereka notisi akafuna kusiya, ndi kubweza makiyi, mabuku ndi galimoto. Ndime yomuletsa kukagwira ntchito kwa opikisana nawo akachoka imagwira pokhapokha ili yoyenera pa kutalika kwa nthawi ndi kukula kwa dera. Ngati abwana afika pomuchitira zosapiririka, monga kumulanda ntchito zake zonse, kumudula malipiro popanda chifukwa kapena kumunyoza pamaso pa antchito ake, gawo 60 limamulola kusiya ntchito n'kudandaula ngati wochotsedwa. Koma umboni uyenera kuchokera kwa iye, choncho ayambe walemba madandaulo ake kwa bodi asanatule pansi udindo. Ndipo akapatsidwa pepala la kusiyana mwamtendere lonena kuti ndalama zimene walandira ndi zomaliza, apemphe masiku oti aliwerenge ndi loya wake, chifukwa akasaina n'kovuta kubwerera.

Nthawi ya madandaulo a ntchito ndi yaifupi kwambiri poyerekeza ndi ya malonda. Gawo 62 limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti munthu akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake. Iye amaitana mbali zonse kuti aziyanjanitse, ndipo zikakanika pakatha mwezi umodzi nkhani ikhoza kupita ku Industrial Relations Court. Bwalo limeneli linakhazikitsidwa ndi gawo 110 la malamulo oyendetsera dziko, limayendera lamulo la Labour Relations Act la 1996, ndipo limapezeka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ndondomeko zake ndi zosavuta poyerekeza ndi za khoti lalikulu, ndipo kawirikawiri sililamula wogonja kulipira ndalama za loya wa mnzake. Wosakhutira ali ndi masiku 30 ochita apilo ku khoti lalikulu, koma pa mfundo za malamulo kapena za mphamvu za bwalo zokha. Ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe a boma alinso ndi ofesi ya Ombudsman, imene imafufuza za kupanda chilungamo m'maofesi a boma.

Kupeza loya ndi kugwira naye ntchito

Loya amathandiza kwambiri pangano lisanasainidwe ndiponso kalata yochotsa munthu isanalembedwe. Ndalama zomulipira kuti awerenge kontrakiti ya masamba asanu n'zochepa poyerekeza ndi za mlandu wa zaka ziwiri. Wololedwa kuimira anthu m'khoti ndi yekhayo amene ali ndi laisensi ya chaka chimenecho, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya oterowo. Chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira m'makhoti n'kumalonjeza kuti amadziwana ndi oweruza. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti ili ndi lisiti ya boma, ndipo wopempha ya pambali akanenedwe ku Anti-Corruption Bureau.

Pa tsiku loyamba gwirizanani za malipiro ndipo zilembedwe: kodi ndi ndalama yokhazikika kapena ya pa ola, ndipo zolipira kukhoti ndi zoyendera zili momwemo kapena ayi. Mufunseni loyayo mosabisa za mwayi wopambana, nthawi imene mlandu ungatenge, ndiponso ngati wosumiridwayo ali ndi chuma cholipirira. Mumuuze zonse, ngakhale zokuchititsani manyazi, popeza zimene mwamuuza ndi zachinsinsi, ndipo n'koipa kuti akazimvere koyamba m'khoti kuchokera kwa mdani wanu. Ndalama zimene loya walandira m'malo mwanu zimasungidwa ku akaunti yapadera ya makasitomala, ndipo muli ndi ufulu wopatsidwa tsatanetsatane wake. Amene sakukhutira ndi khalidwe la loya wake akhoza kukadandaula ku Malawi Law Society. Manijala akumbukire kuti loya wa kampani ndi wa kampaniyo, ngakhale akhala akudyera limodzi nkhomaliro kwa zaka zambiri. Pa mkangano ndi bodi, afune loya wakewake.

Kwa amene sangakwanitse kulipira, pali Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Legal Aid Act ndipo ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Imathandiza pa milandu ya upandu ndi ya pakati pa anthu yomwe. Imayamba yaunika kapezedwe ka wopemphayo ndi kulimba kwa nkhani yake, ndipo ena amapemphedwa kusonkhako pang'ono molingana ndi mphamvu zawo. M'madera ambiri mulinso maparaligo, amene amapereka uphungu ndi kuyanjanitsa anthu ngakhale saimira munthu ku khoti lalikulu.

Popita ku iliyonse ya maofesi amenewa, tengani chiphaso cha unzika, pangano kapena kalata yolembedwera ntchito, malisiti, mapepala a malipiro a miyezi yomaliza, kalata yochotsedwera ntchito, mayina a mboni, ndi pepala limene mwalembapo masiku a zochitika motsatana. Oimira kopaletivi kapena kampani atengenso satifiketi yolembetsera ndi maminitsi a bodi owapatsa mphamvu yoyankhula m'malo mwa gulu. Perekani mafotokope, mapepala enieni musunge, ndipo pa kalata iliyonse imene mwasiya pemphani kuti kope yanu idindidwe chidindo chosonyeza tsiku limene yalandiridwa.